Zoumba za Agogo Ako Zili M'galasi ku Lisboa

Lulimile, Lichinga
Lachitatu masana

Rabeka mwanangu,

Wadzuka chakudya chili m'mbale, watenga kazako, jekete lako lija, wapita kwa anzako ku Sanjala osandiyang'ana n'komwe. Sindikukuimba mlandu. Amalume ako a Tomasi anena zoona, angolakwitsa tsiku ndi malo ozinenera. Nkhaniyi inayenera kutuluka pakamwa panga, ndipo inayenera kutuluka kalekale, usanapemphe bolusa ya maphunziro imene ikukutengera ku Ulayayi. Tsopano alendo amene anabwera kudzatsanzikana nawe abalalika mwamanyazi, ndege yako ndi ya mawa m'mawa, ndipo ine ndakhala pakhonde kuti ndilembe zimene ndakubisira moyo wako wonse. Uwerenge mpaka pamapeto. Ukapsa mtima uike pansi, upume, ubwererenso. Koma uwerenge usanachite chimene wanena potuluka chija, choti sukweranso ndegeyo.

Zimene wamva n'zoona. Muzeu ya ku Lisboa imene ukukaphunzirako ntchito yosamala zinthu zakale ili ndi zoumba zisanu ndi ziwiri za kutsimba zimene anaumba agogo ako aNangondo. Zili m'galasi, ndipo aliyense wolowa pakhomo amaziona, amuna ndi ana omwe. Sanazilande asilikali a atsamunda monga ndakhala ndikukusiya kuti uziganiza. Ndinazinyamula ndine, m'katoni ya sopo, pamiyendo panga, dziko lili kale pa ufulu.

Ndiyambe ndi lilime, chifukwa ndi pomwe ndinayambira kulakwa. Nkhondo ya pachiweniweni itangotha ndinali wa msinkhu wako, nditangolembedwa kumene ku ofesi ya zachikhalidwe, Chipwitikizi changa chosalala kuposa cha wina aliyense. Kunabwera mayi wina wa ku Lisboa amene tinkangomutcha Dotora. Sanali munthu woipa, Rabeka, ndipo ichi uchisunge, chifukwa ambiri amene ukakumane nawo sakakhala oipa. Ankadya nyemba zathu, ankanjenjemera nafe ndi chisanu cha pano, ankanditcha kolega, mnzake wa pantchito, pamaso pa akuluakulu anga. Ankafuna kukonza chionetsero cha luso la amayi a ku Niassa. Palibe anandifunsa, ndinadzipereka ndekha pofuna kuoneka. Ndinati, "Mayi anga ndi namkungwi. Amaumba zinthu zimene simunazionepo."

Tinapita kumudzi kwathu, kuseri kwa Maniamba. Chinamwali chinali chitangotha dzulo lake. Iwe sunavinidwe, choncho ndikuuze zochepa zimene ndingathe. Namkungwi amaumba tinthu ta dongo tophunzitsira anamwali, kalikonse ndi nyimbo yake, ndipo mwambo ukatha amatiswa n'kukataya kumadzi. Saumba kuti tikhale. Popeza Dotora anali mayi wobereka, agogo ako anamulola kulowa. Anaona, anagwira pakamwa, kenako anandipempha kuti ndifunse ngati angatengeko. Amayi anayankha akuyang'ana ine, osati mlendoyo.

"Umuuze kuti waona ndi maso, basi. Izi sizituluka pakhomo pano. Mawa ziswedwa."

Ndinatembenukira kwa Dotora n'kumuuza m'Chipwitikizi kuti, "Akuti akufuna aganize kaye."

Mawu anayi okha. Ndinachita manyazi kupereka "ayi" wouma kwa mzungu wophunzira amene ankandilemekeza. Kumeneko, Rabeka, akakuika pakati monga anandiikira ine. Akakupatsa nyimbo zojambulidwa kalekale kuti umasulire, akakutuma kwa anthu akwanu chifukwa umalankhula Chinyanja ndi Chiyao. Munthu akati ayi, ukafikitse ayi yemweyo. Usamuthire shuga. Nkhope ya mphunzitsi wako ikagwa, igwe.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwa pepala. M'mawa mwake ndinakhala ndi amayi kuseri kwa nkhokwe, ndinawanamiza. Ndinati zoumbazo zikakhala ku Lichinga m'kabati yokhoma, zoonedwa ndi amayi okhaokha. Ndinati nkhondo yaotcha zambiri, tsono boma likufuna kusunga zotsala.

"Bomalo linavinidwa liti?" anandifunsa.

Ndinaseka, ndinanyengerera, ndinalira pang'ono, ndinati ntchito yanga ili pamenepa. Anapitiriza kusenda chinangwa. Kenako anati, "Ndikupatsa iwe, Filomena. Sindikupatsa boma, sindikupatsa mzungu wakoyo."

Titafika kuno kunalembedwa pepala loti ofesi yathu ikubwereketsa zoumbazo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinawerenga tsamba loyamba, ndinaona mawu oti "kubwereketsa", mtima unakhala pansi. Pa tsamba lachitatu panali mzere woti nthawiyo itha kuwonjezeredwa mabungwe awiriwo akagwirizana. Mabungwe awiri, mwanangu. Mwini dongo sanali m'pepalamo. Diretori wa nthawi imeneyo anasaina, ine ndinadinda karimbo ndi dzanja langa. Chaka chilichonse kunkabwera kalata yopempha kuwonjezera, ndipo pamodzi ndi kalatayo kunkabwera kanthu: makina olembera, utoto wa makoma, ulendo wa diretori wokaona chionetsero. Tinkavomera tikumwetulira. Chaka china kalatayo sinanenenso za kubwereka, inati zasungitsidwa mpaka kalekale. Palibe anadabwa.

Safunsa anadya phula. Pepala lililonse uwerenge mpaka mzere womaliza, ndipo ukatha udzifunse kuti ndani sanatchulidwemo. Ndikunena izi chifukwa pepala lako la bolusa unalisiya pa tebulo sabata yatha, ndipo ndinaliwerenga. Undikhululukire. Pa tsamba lachinayi akuti chilichonse chimene udzajambule kapena kulemba ukadzabwera kuno kudzachita kafukufuku chidzakhala cha sukuluyo. Tsamba limenelo sunasaine, akuti ukasainira komweko. Usakasaine tsiku loyamba uli ndi tulo ta mundege. Ukawapemphe kuti akufotokozere, ukafunse ngati mayi amene adzakuimbire nyimbo adzathe kuimva mawa popanda kupempha chilolezo ku Lisboa. Akakuuza kuti aliyense amasaina, ukati iwe ukufuna uwerengenso. Sakakubweza kwanu chifukwa cha funso.

Chachitatu ndi chimene chimandilemera kuposa zonse. Patatha zaka ziwiri kunabwera buku la chionetserocho, losalala, lolemera ngati njerwa. Pachikuto panali chimodzi mwa zoumba za amayi, chachikulu kuposa chenichenicho. Pansi pake analemba kuti "autor desconhecido", kutanthauza kuti woumba sakudziwika. Ukakaona mawu amenewo usakathamangire kutukwana Dotora. Iye anandilembera kalata kufunsa dzina la amayi. Ndinamuyankha kuti asalembe, chifukwa ndinkaopa kuti nkhani ifika kumudzi.

Inafikabe. Bukulo ndinaliika pa shelefu ya ofesi monyada. Mphunzitsi wina wamwamuna wa kusukulu ya kwathu analibwereka kuti akaonetse ana kuti zinthu za kwathu zikudziwika ku Ulaya. Sankadziwa chimene wanyamula. Pofika Lamulungu anyamata anali kuseka pa mjigo, akutchula ziwalo, akufunsa atsikana ngati ndi zimenezo anakaphunzira. Atsikana ena anasiya kupita kukatunga madzi.

Ananditumizira uthenga, ndinapita. Ndinapeza amayi a mudzi wonse atakhala pabwalo la agogo ako, bukulo lili pakati, ataliphimba ndi nsalu ya kapulana. Amayi anali atakhala pansi pakhomo, miyendo yotambasula. Mkazi wina wachikulire anafunsa kuti, "Anatulutsa ndani?"

Ine ndinakhala chikhalire. Amayi sanandiyang'ane.

"Ndinapereka ndine," anatero. "Ndinakopeka. Mlandu ndi wanga."

Tsiku lomwelo anawachotsa unamkungwi. Anthu atapita ndinagwada pafupi nawo, ndinati, "Amayi, bwanji simunanene zoona?"

"Iwe uli ndi ntchito, uli ndi ukwati ukubwera. Ine ndatsala ndi chiyani?" Kenako anati, "Koma usadzandibweretserenso mlendo."

Sanaumbenso kanthu, ngakhale mtsuko wa madzi. Manja aja amene ukuwakumbukira akukumanga tsitsi anali manja ofuna dongo. Anakhala zaka khumi ndi ziwiri akunong'onezedwa kuti ndi namkungwi amene anagulitsa tsimba kwa azungu, ndipo ine ndinkabwera pa Khirisimasi ndi shuga ndi sopo, n'kubwerera osanena kanthu. Anamwalira dzinalo lili pa iwo. A Tomasi ndi amene anawasamala mpaka tsiku lomaliza, n'chifukwa chake lero atamva alendo akundiyamikira kuti ndalera mwana woteteza chikhalidwe, analephera kumeza. Usawade amalume ako. Ndipo iwe, ukadzalakwa, chifukwa udzalakwa ndithu, ukaimirire tsiku lomwelo nkhani ikadali yotentha. Tsiku lachiwiri n'kovuta, chaka chachiwiri pakamwa pamakhala patauma. Usalole munthu wokukonda akusenzere.

Ndinakukaniza kuvinidwa utakula. Ndinakuuza kuti ndi chifukwa cha tchalitchi ndi mayeso a kusukulu. Ndinanama. Ndinkaopa kukaima pabwalo lija ndi mwana wanga wamkazi m'manja. Chimenechonso ndinakulanda.

Usaganize kuti vuto lili ku Lisboa kokha. Ndikuuze za Saide. Umamudziwa, bambo wa ku Sanjala amene amalemba maina pa makoma a mashopu ndi mometera tsitsi. Zaka zingapo zapitazo ofesi yathu inakonza chionetsero cha ojambula a m'chigawo chino ndi thandizo la alendo akunja, ndipo ine ndinali mmodzi wa osankha. Saide anabweretsa zithunzi zitatu. Chimodzi chinali cha anyamata a njinga zamoto akudikira anthu m'nkhungu ya m'mawa, zipewa zaubweya zitafika m'maso. China chinali cha amayi ogulitsa mbatatesi ku merikado, atavala makazako awiriawiri, akuothera manja pa mbaula. Ndinaona Lichinga yense pamenepo, mpaka kununkhira kwa makala. Mlendo amene anabweretsa thandizolo anayang'ana n'kunena kuti, "N'zokongola, koma sizikuoneka za ku Afirika."

Diretori anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, ndipo tinasankha zithunzi za zigoba ndi ng'oma. Zigoba zakezo sizinali za kuno n'komwe, wojambulayo anaziona m'kalendala. Saide atabwera kudzatenga zake anandipeza pakhomo.

"Mama Filomena," anatero, "ndiye ndikajambula chigoba chimene sindinachionepo, m'pamene ndikhale wa kuno?"

Ndinamuuza kuti ayesenso chaka chamawa. Sanabwerenso. Mlendo uja sanatikakamize, Rabeka. Analankhula mawu amodzi, ife tinamaliza tokha. Atsamunda anapita ine ndili mwana, koma anasiya diso lawo m'mitu mwathu, ndipo ndagwira ntchito zaka makumi atatu ndikuyang'ana zinthu za kwathu ndi diso limenelo, kufunsa kuti kodi mlendo aombera m'manja.

Iwenso umajambula. Ndaona mabuku ako, minibasi ya shapa yodzaza anthu ndi matumba a nyemba, mitengo ya paini ya m'mphepete mwa tauni, ine ndikusita. Kumeneko akadabwa kuti kwanu kumazizira. Ena akakufunsa za mikango, ena akafuna kuti uziwavinira pa phwando lililonse, ena mwachikondi akakuuza kuti ujambule zosonyeza mizu yako. Mizu yako ukuidziwa ndiwe. Ukafuna kujambula nkhungu, jambula nkhungu. Ukafuna kujambula sitima za m'misewu yawo, jambula, palibe anakuletsa. Chimene ndikukupempha n'chakuti usakajambule kanthu chifukwa chakuti waona kuti ndi kamene kamatsegula zitseko.

Tsopano za mawa. Anthu awiri akufuna kukutuma, ndipo onse awiri ndikukuuza kuti usawamvere. Diretori wathu wa tsopano anandiimbira dzana. Akufuna ukakankhe kuti zoumbazo zibwerere, atsegule chipinda chatsopano kuno, akuluakulu adzadule riboni, ana a sukulu azibwera kudzaona. Akuti umenewo ndiwo ufulu wa chikhalidwe. Ndinamufunsa ngati wakambirana ndi amayi a kumudzi, anati amenewo adzaitanidwa kudzavina pa tsiku lotsegulira. Galasi la ku Lichinga ndi galasi ndithu, mwanangu. Anyamata adzaseka kuno monga anasekera pa mjigo. A Tomasi nawo akufuna ukaswe galasilo kapena ukakuwe pakhomo mpaka atolankhani abwere. Ukatero akakukweza ndege yobwerera, zoumbazo akazitsekera pansi pa nyumba, ndipo dzina lathu likalowa m'buku la anthu osaloledwa.

Zinthu zimenezo si za muzeu, si za ofesi yathu, si zanga, ndipo si zako. Ndi za amayi a tsimba lija. Ndiwo anene ngati zibwerere kudzaswedwa, kapena ziphimbidwe komweko, ngati dzina la agogo ako lilembedwe kapena ayi. Mwina anena chinthu chimene iwe ndi ine sitikuchiganiza. Ntchito yako ndi kukhala munthu wa mkati amene angafikitse mawu awo pamalo oyenera.

N'chifukwa chake ndikuti upite. Ukakana, malo ako apatsa wina amene akaona dongo chabe. Ukaphunzire ntchitoyo kuposa onse, ukadziwe mmene zinthu zimalembedwera, amene amasunga makiyi, amene amasankha zoika m'galasi ndi zobisa. Miyezi yoyamba ukhale ndi makutu aakulu. Ukapeza ophunzira a ku Angola, a ku Gine, a ku Kabo Verede, ndipo pakati pawo sipakalephera wina amene agogo akenso ali m'galasi. Ukamufunefune, chifukwa pempho la munthu mmodzi amaliika m'dirowa. Chilichonse chimene ukapemphe ukachilembe, ukasunge kope lako kunyumba, osati pa kompyuta yawo. Ukalankhule mwaulemu, koma usakathokoze munthu chifukwa chokulola kuona chinthu cha kwanu.

Dotora, ngati akadali moyo, ndi nkhalamba tsopano. Ukamufufuze. Ukamuuze chimene amayi ananena tsiku lija, ndi chimene ine ndinamuuza m'malo mwake. Sakudziwa mpaka lero. Sindikudziwa ngati akalira kapena akadziteteza, koma ali ndi ufulu womva, ndipo mawu ake kumeneko amalemera.

Zina ndi zazing'ono. Ndakuikira nyemba ndi ufa pang'ono m'sutikesi, pansi pa makapulana, ukanene pa chipata cha bwalo la ndege akakufunsa. Chisanu cha kumeneko akuti n'chonyowa, chimalowa m'chifuwa, si chouma ngati chathu, choncho usadzitame kuti ndiwe wa ku Lichinga. Uziimba foni Lamulungu lililonse. Ngati sukufuna kulankhula ndi ine, uziimbira amalume ako, bola tizimva kuti uli moyo.

Ndinaima kulemba pamenepa kwa ola lathunthu. Ndinaona kuti ndikukulamula kukachita zolimba ine nditakhala pakhonde. Ndiye ndapempha nambala kwa a Tomasi, ndaimbira aNachisale, amene ali namkungwi kwathu tsopano. Anali wothandiza wa agogo ako masiku aja, ndipo anali pabwalo tsiku lija. Ndawauza zonse, za mawu amene ndinapotoza, za kuseri kwa nkhokwe, za kalata yobisa dzina. 

"Timadziwa, Filomena," anatero. "Amayi ako sankatha kunama. Timangodikira kuti tione ngati udzabwera ndi miyendo yako kapena udzabwera m'bokosi."

Ndinati, "Ndichite chiyani, amayi?"

"Ubwere Loweruka. Amayi onse adzakhalapo, ndi ana aakazi a amene anamwalira. Udzanene zomwezi utaimirira. Ndipo mwana wakoyo umuuze apite, koma asayang'ane m'galasimo mpaka ife titalankhula. Iye sanavinidwe."

Wamva, Rabeka. Ukafika m'chipinda chimenecho ukadutse maso ali pansi, ngakhale aphunzitsi akufunse chifukwa. Ukawauze kuti eni ake sanakuloleze. Likakhala phunziro lawo loyamba kuchokera kwa iwe.

Ine ndikwera shapa ya ku Maniamba Loweruka m'mamawa. Ndili ndi mantha, mwanangu. Iwe ukupita kukaima pamaso pa azungu, ine pamaso pa amayi a kwathu, ndipo ndikuona kuti ulendo wofupiwu ndi umene uli wautali. Undipempherere, ngakhale uli wokwiya.

Ndine mayi ako,
Filomena